Kansomba ka pa Thanthwe la Taiwanee: Mbiri ya Mbuna za m'Nyanja ya Malawi

Anthu a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, pamodzi ndi abale ao amene anapita kukagwira nchito ku migodi ndi m'matauni, aidziwa Nyanja ya Malawi cifukwa ca ndiwo zace. Adziwa usipa wouma umene amalonda abwera nao kudzera ku Mchinji, adziwa utaka, ndipo amene anayendako ku Salima asimba za kukoma kwa cambo. Koma m'nyanja momwemo muli nsomba zina zimene sizifika pa misika ya ndiwo ya kuno, ndipo ndizo zinachukitsa nyanjayo pa dziko lonse lapansi. Nsombazo zichedwa mbuna. Nkhani ino isimba mbiri yao, makamaka ya mtundu umodzi waung'ono wochedwa saulosi, umene mudzi wace wonse ndi thanthwe limodzi la pansi pa madzi, ndipo unatsala pang'ono kutheratu patangopita zaka ngati 20 anthu a kunja ataudziwa.

Nyanjayo si yacilendo kwa Acewa a kum'mawa kwa Zambia. Likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, pafupi ndi gombe la kumwera. Kumeneko ndiko kunacokera Undi pamene anapita kukamanga ufumu wace ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Ndipo Kalonga Gawa Undi, amene akhala ku Mkaika m'boma la Katete, alandira Acewa a maiko atatu pa mwambo wa Kulamba m'mwezi wa August. Ngakhale cinenero ca Cinyanja cinatenga dzina lace ku madzi omwewo.

Mudzi wa mbuna

Nyanja ya Malawi italika makilomita oposa 560, ndipo pamalo pozama kopambana ifika mamita 700. Migodi ya ku Mufulira ndi ku Nkana inapitirira kuzama kumeneko, komatu mu mgodi apopera mpweya wabwino kufikira pansi, pamene m'nyanja madzi a pansi pa mamita 250 alibe mpweya konse, ndipo nsomba sizikhalako. Moyo wonse uli pamwamba ndi m'mphepete.

Gombe la nyanja siliri lofanana konsekonse. Pena pali mcenga woyenda mtunda wautali, pena bango, pena miyala yaikulu younjikana, ndipo pakati pa madzi pali zisumbu ndi matanthwe obisika. Pa miyala imene dzuwa lifikapo pamera ndere, ndipo m'kati mwa nderemo mukhala tizirombo tating'ono tosawerengeka. Umenewu ndiwo munda wa mbuna. Zambiri mwa izo siziposa dzanja la munthu kutalika kwace, koma maonekedwe ao ndi odabwitsa: zina zabuluu za mizere yakuda ngati mbidzi, zina zacikasu, zina zamawangamawanga. Yaimuna isankha mwala kapena phanga lace, niilonda malowo usana wonse, kupitikitsa inzace iriyonse yofika pafupi.

Alendo amene anaona nyanja ya mcere, monga ku gombe la Mozambique, afanizira mbuna ndi tinsomba ta pa matanthwe a korali, matanthwe amene amangidwa ndi tizirombo ta m'madzi otentha. Kufanana kulipo ndithu, pakuti konse kuwiri tinsomba tokongola tiunjikana pa mwala m'madzi oyera. Koma pali kusiyana kumodzi kumene kuli mutu wa mbiri yonseyi. Nsomba zambiri za pa korali zikaswa, tiana tace titengedwa ndi madzi masiku ambiri, nitikagwera pa thanthwe lina lakutali. Motero thanthwe limodzi likaonongeka, mbeu ibwera kucokera kwina. Mbuna sizitero. Yaikazi ikaikira mazira iwatolera m'kamwa mwace, niwafungatira momwemo ngati masabata 3, osadya kwenikweni, kufikira tiana titakhwima. Pamenepo itilabvula m'ming'alu ya mwala womwewo pamene inabadwira iyo. Ndipo popeza pa mcenga ndi pa madzi akuya pali ncheni, kampango ndi nsomba zina zolusa, mbuna yocoka pa miyala siyenda patali isanadyedwe.

Cifukwa ca ici gulu liri lonse la miyala linasanduka ngati dziko palokha. M'kupita kwa zaka zikwizikwi mbuna za pa cisumbu cina zinasiyana ndi za pa cisumbu cinzace m'mawanga, m'mano ndi m'kadyedwe, kufikira zinaleka kukwatirana. Ndiye cifukwa cace mitundu yambiri ya mbuna ipezeka pa cisumbu cimodzi cokha, kapena pa thanthwe limodzi lokha, osaonekanso kwina kuli konse pansi pa thambo.

Nsomba za m'mabotolo

Asodzi a m'mbali mwa nyanja anazidziwa nsombazi kuyambira kalekale, koma sanazisamale kwenikweni, popeza ndi zazing'ono ndipo khoka likodwa pa miyala. Ana ndiwo anali kuziwedza ndi mbedza. Azungu anayamba kumva za nsomba za m'nyanjayi David Livingstone atafikako mu September 1859. Mu 1861 iye anayenda pa nyanja ndi bwato pamodzi ndi John Kirk, dotolo wa ulendowo, amene anasonkhanitsa nsomba nazitumiza ku London. Mu 1864 Albert Günther wa ku British Museum analemba maina a nsomba za Kirk, ndipo pakati pa izo panali mtundu wina wa cambo.

Pambuyo pace akuluakulu a boma ndi apaulendo anapitiriza kutumiza nsomba m'mabotolo a spiriti. George Boulenger, wa ku nyumba yomweyo, anacha mbuna ina dzina lakuti auratus mu 1897, ndi ina zebra mu 1899, cifukwa ca mizere yace ya mbidzi. Mu 1922 Tate Regan anasanthula nsombazi naziika m'mafuko. Cuthbert Christy anasonkhanitsa nsomba zikwi zingapo mu 1925 ndi 1926, ndipo mai wophunzira kwambiri, Ethelwynn Trewavas, atazipenda zimenezo analemba mu 1935 mitundu 175 ya pfuko la cambo ndi mbuna. Mu 1939 maiyo anafika yekha ku nyanja m'gulu lotumidwa ndi boma kudzafufuza za usodzi.

Nchito ya m'mabotolo inali ndi bvuto lace. Nsomba ikakhala mu spiriti itaya maonekedwe ace, nisanduka yotuwa. Tsono mitundu iwiri imene ili yosiyana poyera ikakhala yamoyo inaoneka ngati umodzi pa tebulo la ku London. Odziwa za nsomba anali kuwerenga mano, mamba ndi minga ya zipsepse, koma mudzi wa nsombayo ndi makhalidwe ace sanaziona.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1950, pamene maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazika bungwe limodzi lofufuza za nsomba, la Joint Fisheries Research Organisation, lokhala ndi malo ku Samfya pa Nyanja ya Bangweulu ndi ku Nkhata Bay. Mnyamata wina wa bungwelo, Geoffrey Fryer, anatha miyezi yambiri akuyang'ana nsomba zamoyo pa miyala ya ku Nkhata Bay ndi kupenda za m'mimba mwao. Dzina lakuti mbuna analimva kwa asodzi a Citonga, ndipo polilemba m'nkhani yace ya 1959 analifalitsa ku maiko onse. Iye anaonetsa kuti nsombazi zidya pa mwala umodzi, koma uli wonse mtundu ndi cida cace. Wina uli ndi mano ngati cipeso, upesa ndere kucotsa zofewa. Wina uli ndi kamwa loyang'ana pansi, upala mwala ngati khasu. Wina uli ndi mano osongoka otolera tizirombo m'ming'alu. Ndipo ulipo wina, wochedwa Genyochromis, umene ukhalira kuluma mamba ndi zipsepse za anzace.

Nsomba za m'ndege

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 mbuna zamoyo zinayamba kupita ku Ulaya ndi ku America pa ndege, m'matumba a pulasitiki okhala ndi madzi ndi mpweya. Kumeneko anthu aweta nsomba m'mabokosi a galasi m'nyumba zao, monga ena aweta nkhunda, cifukwa ca kukongola cabe. Ataona nsomba ya m'madzi opanda mcere yowala ngati ya pa korali, ndiponso yosabvuta kuweta, anaifuna kwambiri, ndipo malonda anakula. Amalawi ambiri anaphunzira kumira ndi mabotolo a mpweya kumsana, nakhala akatswiri odziwa thanthwe liri lonse ndi nsomba zace. Nchitoyo ifuna kuleza mtima, pakuti nsomba yogwidwa pozama ikakwezedwa msanga, thumba la mpweya la m'mimba mwace litupa ndipo imafa. Tsono aiika mu mgolo ndi kuikweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo.

Malondawo anabweretsa ndalama ndi nzeru, koma anabweretsanso cisokonezo. M'zaka zomwezo za m'ma 1960 mbuna zina za kumpoto kwa nyanja, zogwidwa kuti zigulitsidwe, zinatayidwa m'madzi pa cisumbu ca Thumbi West kufupi ndi Cape Maclear, kumwera. Mwa izo munali mtundu wa Cynotilapia. Kufikira 1983 unali kupezeka pa ngodya imodzi yokha ya cisumbuco, pa Mitande. Koma pofika 2001 unali utazungulira pafupifupi cisumbu conse, ndipo ofufuza anapeza kuti unasakaniza magazi ndi zebra ya pamalopo. Cimene mcenga ndi madzi akuya zinalekanitsa kwa zaka zikwi zambiri, bwato limodzi linacisakaniza tsiku limodzi, ndipo palibe munthu angathe kucilekanitsanso.

Boma la Malawi linakhazika Lake Malawi National Park mu November 1980, nkhalango yoyamba pa dziko lapansi yoikidwa makamaka cifukwa ca nsomba za m'madzi opanda mcere. Kukula kwace ndi makilomita 94 m'bwalo lonse, ndipo itenga mapiri a ku Cape Maclear, zisumbu monga Thumbi West, Domwe, Mumbo, Maleri ndi Boadzulu, pamodzi ndi madzi ofika mamita 100 kucokera pa gombe. Midzi ya asodzi monga Chembe ndi Msaka inatsala m'kati. Mu 1983 gulu lotsogozedwa ndi Anthony Ribbink, litamira pa miyala ya m'mbali zambiri za nyanja, linawerenga mitundu 196 ya mbuna zokha, yambiri yopanda dzina m'mabuku. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika nkhalangoyo pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi. Dziko la Mozambique nalo linateteza mbali yace ya nyanja mu 2011.

Saulosi

Kutali ndi nkhalangoyo, cakumpoto, kuli zisumbu za Likoma ndi Chizumulu, zimene ziri za Malawi ngakhale zazingidwa ndi madzi a Mozambique. Kufupi ndi Chizumulu kuli thanthwe lochedwa Taiwanee, limene silionekera pamwamba pa madzi. Ndi phiri la pansi pa nyanja, lozingidwa ndi madzi akuya mbali zonse, ndipo nsonga yace yokha ndiyo ilandira dzuwa lokwanira kumeretsa ndere. Pa nsonga pamenepo, malo osaposa bwalo la mpira, ndipo pakhala kansomba ka nkhani ino.

Kutalika kwace ndi masentimita ngati 8, monga cala ca munthu wamkulu. Tiana tonse tibadwa tacikasu; taikazi tikhala tacikasu moyo wonse, koma taimuna tikakula tisanduka tabuluu ta mizere yakuda, kotero kuti munthu wosadziwa angayese ndi mitundu iwiri. Taimuna tilonda miyala yao, pamene taikazi ndi tiana tiyenda m'magulu, kudya ndere uku ndi uku.

Mu 1990 Ad Konings, wa ku Holland, amene analemba mabuku ambiri a nsomba za m'nyanjayi, anakalemba kansombaka m'mabuku a sayansi. Anakacha saulosi polemekeza Saulos Mwale, mmodzi wa akatswiri a kumira amene anali kugwira nchito kwa Stuart Grant, wamalonda a nsomba zamoyo wa ku Salima. Kale maina otere anali kupita kwa abwanamkubwa ndi apaulendo a ku Ulaya. Apa linapita kwa munthu wa m'dziko, wodziwa madziwo ndi thupi lace. Mu 2016 akatswiri anasamutsira saulosi ku pfuko latsopano limene analicha Chindongo, potenga dzina limene anthu a ku nyanja achula nalo tinsomba ta m'miyala. Motero maina onse awiri a kansombaka, Chindongo saulosi, ndi ocokera kwao, ndipo Mwale ndi mfunda wodziwika ku Katete monga ku Salima.

Kukongola kwace ndiko kunakaika pa tsoka. Oweta nsomba anakakonda cifukwa nkakang'ono, ndipo bokosi limodzi lionetsa cikasu ndi buluu pamodzi. Kamaswana bwino m'magalasi, kotero kuti panalibe cifukwa ceniceni cotengeranso ena ku Taiwanee. Koma ogula ena anali kulipira mtengo wapamwamba pa nsomba yogwidwa m'nyanja mwenimweni. Ndipo popeza taikazi tiyenda m'gulu pa malo ocepa, omira awiri kapena atatu okhala ndi ukonde akhoza kukokolola ambiri pa ulendo umodzi. Kansomba koikira mazira owerengeka sikangathe kubweza msanga ciwerengero cotere, ndipo palibe thanthwe lina lotumiza mbeu. Pofika ca m'ma 2010 omira anapeza kuti magulu akulu aja anatha, patsala tinsomba towerengeka. Mtundu umene unali wosawerengeka m'nyumba za ku Germany ndi ku America unali kuzimirira kwao.

Stuart Grant anamwalira mu 2007, ndipo abwenzi ace, motsogozedwa ndi Konings, anayambitsa thumba la ndalama lotetezera nsombazi m'dzina lace. Thumbalo linaika zitsulo zokola makoka m'madzi ozungulira zisumbu za Maleri, kuti asodzi ozemba lamulo aleke kukokera pa miyala ya m'nkhalango. Linayambanso nchito yobwezera saulosi kwao: anasweretsa tinsomba ta mbeu ya ku Taiwanee m'matanki ku Salima, ndipo mu 2013 anakatula toyamba pa thanthwe lomwelo. Phunziro la ku Thumbi West linali litamveka, lakuti nsomba ibwezedwe pa mwala wa makolo ace, osati pena. Komabe mu 2018, pamene bungwe la IUCN linapenda mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi, linapeza kuti mitundu 9 pa 100 iri yonse inali pa ngozi yaikulu ya kutha. Saulosi anaikidwa m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu, pamodzi ndi mitundu 3 mwa mitundu 4 ya cambo.

Matope ndi mwambo

Mdani wina wa mbuna sagwira ukonde, ndipo acokera kumtunda. Malire a Zambia ndi Malawi atsata msana wa mapiri: mvula yogwa mbali ya Zambia itsikira ku Luangwa ndi ku Zambezi, ndipo yogwa mbali ya Mchinji ilowa mu Bua, nikathira m'nyanja ku Nkhotakota. Mitengo ikatha m'mapiri cifukwa ca makala, fodya ndi minda ya m'mphepete mwa mitsinje, mitsinje monga Bua, Linthipe ndi Dwangwa itenga nthaka ndi kuitaya m'nyanja. Madzi akada, dzuwa silifika pa miyala. Matope akakhala pa mwala, ndere ikwiririka ndipo ming'alu yobisalamo tiana itsekeka. Zisumbu za Maleri, zokhala kufupi ndi mathiriro a Linthipe, ziona zimenezi dzinja liri lonse. Nsomba ya pa mcenga ikhoza kusamuka, koma mbuna iribe kopita. Mlimi wa ku Vubwi kapena ku Sinda amene anaona dambo la kwao litakwiririka ndi mcenga wa m'minda adziwa kale mmene cinthuci cicitikira.

Nzeru yoteteza madzi sinabwere ndi boma lokha. Pa cisumbu ca Mbenji, m'boma la Salima, mafumu a kwa Makanjira anaika lamulo m'zaka za m'ma 1950 lakuti asodzi acoke pa cisumbuco nyengo ya dzinja, kuyambira December kufikira April, ndipo mwambowo unasungika kufikira lero. Potsegula usodzi pakhala msonkhano waukulu, ndipo wophwanya malamulo apitikitsidwa. Colinga cace cinali kusunga utaka ndi miyoyo ya asodzi pa nyengo ya mphezi, koma Mbenji ali ndi mbuna zacezace, ndipo nazo zipumula pamodzi ndi utaka.

Taiwanee alibe mudzi pafupi, alibe mfumu yomuyang'anira tsiku ndi tsiku, ndipo ali kunja kwa nkhalango ya boma. Citetezo cace ciri m'manja mwa anthu ocepa: wopereka cilolezo ca malonda a nsomba zamoyo, womira amene adziwa pamene pali thanthwelo, ndi wogula wa kutsidya kwa nyanja amene angasankhe nsomba yobadwira m'galasi. Kucokera pa nsomba za Kirk kufikira pa matanki a ku Salima papita zaka zoposa 150, ndipo m'nyengo yonseyo anthu anaphunzira kuwerenga mbuna, kuzicha maina, kuzinyamula ndi kuzisweretsa. Cimene sanathe ndico kupanga thanthwe lina. Saulosi a m'magalasi a ku Ulaya adzakhalapo malinga oweta akawakonda. Koma a m'nyanja, amene anaumbidwa ndi mwala umodzi m'zaka zikwi zambiri, adzakhalapo pokhapo nsonga ya Taiwanee ikasiyidwa ndi ndere yace, madzi ace oyera ndi magulu ace acikasu.